Kodi Sola Imabweza Ndalama Zake?

Amayi, mukamayenda m'midzi ndi m'matauni masiku ano mumaona timagalasi takuda pamadenga a nyumba, a malata ndi a udzu omwe. Imeneyi ndiyo sola, imene imasandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi. Kapena bambo akunyumba ayamba kale kunena zoti mugule yanu mukagulitsa mtedza kapena soya. Musanavomere kapena kukana, ndi bwino mudziwe ngati ndalamazo zidzabwerere m'thumba mwanu.

Yambani ndi kuwerengera zimene mukuwononga lero. Kalembera wa mu 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa theka m'Malawi muno ankaunikira ndi tochi za mabatire. Ndalama za mabatire, makandulo ndi zotchajitsira foni kumsika zimatuluka pang'onopang'ono, choncho sitiona kuchuluka kwake. Tengani kope, ndipo kwa mwezi wathunthu lembani ndalama iliyonse imene yapita ku zinthu zimenezi. Kenaka gawani mtengo wa sola ndi ndalama za mwezi umodziwo. Yankho lake ndiyo miyezi imene idzapite sola isanakubwezereni ndalama zanu. Ikakhala miyezi 18 kapena 24, musaope kugula, pakuti galasi labwino limagwira ntchito zaka 20 kapena kupitirira.

Koma walira mvula walira matope. Sola ili ndi batire losunga moto wa usiku, ndipo ili ndilo limatha msanga. Batire la asidi, lofanana ndi la galimoto, limafooka patapita zaka zochepa, makamaka mukamaligwiritsa ntchito mpaka moto kutheratu. La lithiamu limakhalitsa, koma mtengo wake ndi wokwera. Mayi wanzeru amaika kandalama padera mwezi uliwonse, kapena kubanki m'khonde, kuti tsiku lofera batire lisamupeze chimanjamanja. Kumbukirani kuti zipangizozi zimachokera kunja. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wotere inakwera.

Dziwaninso kuti sola yaing'ono siphika nsima. Imayatsa mababu, wailesi ndi kutchaja mafoni, koma chitofu ndi simbi ya magetsi zimafuna moto wambiri. Ndalama za makala ndi nkhuni musaziike m'gulu la zimene mudzapulumutse.

Inu a m'tauni amene muli ndi magetsi a ESCOM, sola idzachedwa kukubwezerani ndalama ngati mungoyang'ana mayunitsi okha. Phindu lanu limaonekera magetsi akazima. Mphepo yamkuntho ya Ana itaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linakhala miyezi yambiri magetsi akuzimazima. Amene mumagulitsa zoziziritsa m'firiji mukudziwa zimene zimatayika pa tsiku limodzi lopanda moto. Komabe firiji imafuna sola yokulirapo, choncho funsani mmisiri wodziwa ntchito yake.

Inu a kumudzi mungathe kufulumizitsa phindu potchajira anansi mafoni pa kamtengo kochepa. Makampani ena amalola kulipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Njira imeneyi imapepuza, koma musanasaine funsani kuti zonse pamodzi zidzakwana zingati, ndiponso chimene chidzachitike mukalephera kulipira mwezi wa njala.

Mukagula, isamaleni. Galasi lipendekere chakumpoto, kutali ndi mthunzi wa mango, ndipo muzilipukuta fumbi ndi nsalu yofewa, makamaka m'chilimwe. Sungani lisiti ndi chikalata cha chitsimikizo pamalo abwino.

Tsono madzulo ano, ana akagona, khalani pansi ndi bambo, kope lili m'manja. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha: ndalama zazing'ono za mabatire zija ndizo zidzakuuzeni ngati nthawi yogula sola yakwana.