Nthenda ya Shuga Imatsegulira Khomo Chifuwa Chachikulu

Anthu ambiri m'dziko muno akamva za chifuwa chachikulu, maganizo awo amathamangira ku umphawi kapena ku kachilombo ka HIV. Koma madotolo anazindikira kale lomwe kuti nthenda ya shuga nayonso imayenda pamodzi ndi chifuwachi. Mankhwala a insulin asanapezeke ku Toronto m'chaka cha 1921, odwala shuga ambiri ankamwalira ndi chifuwa chachikulu.

Chifukwa chake nchotere. Kachilombo ka chifuwachi, kamene Robert Koch anakatulukira m'chaka cha 1882, kamatha kukhala m'mapapo zaka zambiri osadwalitsa munthu, pakuti asilikali a m'thupi amakatsekereza. Shuga akachuluka m'magazi asilikaliwo amafooka, ndipo kachilombo kaja kamadzuka. Kotero wodwala shuga ali pa ngozi yodwala chifuwachi kawiri kapena katatu kuposa mnzake wopanda shuga.

Tsono nthenda ziwirizi zikakumana, ina imalimbikitsa inzake. Chifuwa chimakweza shuga. Ndiponso rifampicin, amene ali m'gulu la mankhwala a chifuwa akumwa miyezi 6, amachititsa chiwindi kuchotsa msanga m'thupi mapiritsi ena a shuga, monga glibenclamide. Munthu angathe kumwa mapiritsi ake mokhulupirika, shuga osatsika konse. Odwala otere amachedwa kuchira, ndipo ena chifuwa chimawabwereranso. Chosautsa china nchakuti nthenda zonse ziwiri zimaondetsa ndi kutopetsa, kotero ina imabisala kumbuyo kwa inzake.

Nchifukwa chake m'chaka cha 2011 bungwe la World Health Organization linalangiza maiko kuti wodwala chifuwa chachikulu aziyezedwa shuga, ndipo wodwala shuga azifufuzidwa chifuwa. Malangizowa ngoyenera ndithu kuno kwathu, kumene kafukufuku wa 2009 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga.

Nkhaniyi ikukhudza makamaka aphunzitsi ndi antchito a Boma. Kalaliki amene amakhala pa mpando tsiku lonse sali kutali ndi shuga. Mphunzitsi amene akutsokomola m'kalasi yodzaza sakudwala yekha, popeza kachilomboka kamayenda mu mpweya. Wodwala shuga amene watsokomola masabata awiri, kapena akutuluka thukuta usiku, apite akapereke makhololo ku chipatala, ndipo asaiwale kuuza dotolo mapiritsi amene akumwa. M'zipatala za Boma mankhwala a chifuwa chachikulu ngaulere.