Msewu wa m'kati mwa kompyuta

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, ndalama zimayamba kuyenda pa Kasungu. Anyamata ena amathamangira kompyuta zakaunjika zochokera ku Joni kuti atsegule kabenchi koikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Funso lawo kwa wogulitsa ndi limodzi: "Ikuthamanga bwanji?" Akangomva kuti 3.0 GHz, ndalama zatuluka kale m'thumba.

Nambala imeneyi ndi ya purosesa yokha, kachipangizo kamene kamachita masamu onse. Koma mlimi wa ku Santhe amadziwa kuti ngakhale ogula ku okushoni akhale achangu chotani, mabelo akamabwera pa ngolo mumsewu wa zigumula, ogulawo amangopinda manja kudikira. Mu kompyuta namonso muli msewu umene uthenga umadutsamo pa motherboard, bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo. Amisiri amautcha bus. Si basi ya pa depoti ayi, ngakhale kuti ntchito yake ndi yonyamulabe.

Tengani Core 2 Duo E8400 ya kampani ya Intel, yomwe inatuluka mu 2008 ndipo ikupezekabe m'makompyuta akale a m'maofesi. Koloko ya msewu wake imagunda pa 333 MHz. Pa kugunda kulikonse uthenga umatumizidwa kanayi, n'chifukwa chake amalemba 1333. Purosesayo imachulukitsa 333 ndi 9, n'kupeza 3.0 GHz. Mukaiika pa bolodi lakale lomwe limalekeza pa 1066, koloko imatsikira pa 266, ndipo 266 kuchulukitsa ndi 9 ndi 2.4 GHz basi. Mabolodi ena amangokaniratu kuyaka. Mwalipira mtengo wa lole, mwatenga ngolo.

Kampani ya AMD mu 2003, kenako Intel mu 2008 ndi Core i7, zinasamutsira gawo lolamulira RAM (malo osungira uthenga kompyuta ikamagwira ntchito) m'kati mwa purosesa, ndipo msewu wakalewo unatha ntchito. Vuto la liwiro silinathe. Mukaphatikiza RAM ya DDR3-1333 ndi ya DDR3-1066, zonse ziwiri zimayenda pa liwiro la yochedwayo, ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi.

Zonsezi zimaoneka mu BIOS, kapulogalamu koyatsira kompyuta ka pa bolodi. Kompyuta ikamayaka, dinani F2 kapena Del, pa HP dinani F10, ndipo muona dzina lenileni la purosesa ndi liwiro la RAM. Chitani zimenezi musanalipire, chifukwa kachomata ka pabokosi aliyense angathe kukamata.

Koma kuona n'kwina, kusintha n'kwina. Ena amakweza kolokoyo kuti makina athamange, osaganizira kutentha kwa mu Okutobala ndi fumbi lomwe latseka kale fani. Purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro yokha, apo ayi imazimiratu filimu ya kasitomala ili pakati. Kupukuta fumbi kumathandiza kuposa kusewera ndi manambala.

Pa bolodi palinso kabatire kozungulira ngati kakobiri, CR2032, ka mavolti 3. Ndi kamene kamasunga tsiku, nthawi ndi zomwe munatchera mu BIOS magetsi a ESCOM akathima. Kakatha mphamvu, kompyuta imabwerera ku chaka chakale, masamba a pa intaneti amakana kutseguka, ndipo mwiniwake amayamba kunena za mavairasi. Kutsegula bokosi, kuchotsa kakale ndi chikhadabo, kuika katsopano ndi kutcheranso tsiku sikutenga mphindi khumi.