Tsidya la Likoma, ndi Kachirombo ka m'Khutu la Mbuzi

Ukaima pagombe la kum'mawa kwa Likoma mbandakucha, dzuwa limatulukira kuseri kwa mapiri omwe si a Malawi. Ndi a Mozambique, ndipo ali pafupi moti kukacha bwino umaona utsi ukufuka m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Nkhata Bay, komwe sitima ya Ilala imadzera pobwera kuno, ndi ulendo wa maola angapo. Likoma ndi Chizumulu ndi nthaka yathu, koma madzi ozungulira zilumbazi ndi a eni ake ena. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,527 pa zilumba ziwirizi, ndipo ambiri a iwo ali ndi mbale wawo tsidya lija.

Ife a kumtunda Likoma timaidziwa ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela. Timaiwala kuti amishoniwo, pofika m'zaka za m'ma 1880, maso awo anali tsidya. Chilumbachi chinali poponda mwala chabe. Mmodzi wa iwo, William Percival Johnson, anathera moyo wake akuyenda pa sitima m'midzi ya gombe la kum'mawa, ndipo mpaka lero Messumba, kufupi ndi Metangula, ndi phata la mpingo wa Anglican m'dera lonselo. Dera limeneli ndi boma la Lago, m'chigawo cha Niassa, chomwe likulu lake ndi Lichinga. Eni gombeli ndi Anyanja. Ukatsika boti pa Cobué, tsidya lomwelo, sufuna womasulira: malonje ndi omwewa, nsima ya kondowole ndi yomweyi, kungoti pa mawerengero ndi pa nkhani za ku ofesi Chipwitikizi chimalowerera. Pa Cobué pomwepa panali pamodzi mwa malo oyamba kumveka mfuti za FRELIMO mu Seputembala 1964, ndipo pa nkhondo yapachiweniweni yomwe inatha mu 1992, anthu ambiri a gombeli anathawira pa Likoma. Ena anakwatira, ena anakwatiwa, ena anabwerera koma anasiya ana.

Chilumba chouma, cha miyala ndi milambe ngati ichi sichingadzidyetse chokha. Nkhuni, nsungwi, udzu wofolerera ndi chinangwa zimaoloka pa mabwato ndi maboti a matanga, mwera ukalola. Pobwerera amanyamula sopo, shuga ndi odwala omwe achira ku chipatala cha St Peter's, pakuti kwa midzi yambiri ya tsidya chipatala chapafupi ndi chimenechi. Nthawi zina pakati pa mitolo ya nkhuni pamakhala dengu la nkhuku kapena mbuzi yomangidwa miyendo.

Ndi mbuzi yotero yomwe inandiimitsa tsiku lina pagombe. Ndinakulira kobusa, choncho dzanja langa linapita lokha kukhutu kwake. M'katimo munali nkhupakupa zofiirira, zina zing'onozing'ono ngati mapira, imodzi yokhuta magazi ngati nsatsi. Mwini mbuzi anangoseka, nati mbuzi yopanda nkhupakupa sanaionepo chibadwire. Sananame. Koma mlendo wa m'khutuyu anaoloka malire a mayiko awiri popanda womufunsa chiphaso.

Nkhupakupa yofiirira ya m'khutu ndi yomwe imafalitsa chigodola cha ng'ombe. Mbuzi siidwala nthendayi, imangonyamula nkhupakupazo. Ng'ombe ikalumidwa ndi yomwe ili ndi kachirombo, imatupa m'munsi mwa khutu, thupi limatentha, imasiya kudya, kenaka thovu limatuluka m'mphuno chifukwa mapapo adzaza madzi. Pasanathe mwezi, khola lalira. Mbiri ya nthendayi kum'mwera kwa Africa ndi ya pamadzi ndithu: cha m'ma 1901 ng'ombe zochokera ku East Africa zinatsitsidwa pa doko la Beira n'kupita nazo ku Umtali, komwe lero ndi Mutare, ndipo m'zaka zochepa chigodola chinapulula ng'ombe zosawerengeka ku Rhodesia ndi ku South Africa. Chomwe chinabwera pa sitima chinatenga zaka makumi angapo za madibi kuti chigonje.

Chodabwitsa n'chakuti katemera wa chigodola amapangidwa kwathu konkuno. Ku Lilongwe kuli Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, komwe kuyambira mu 2014 akhala akupanga katemera wotchedwa Muguga cocktail, dzina lochokera ku malo a kafukufuku a ku Kenya. Kabayidwe kake n'kochititsa chidwi: thole limapatsidwa kachirombo kamoyo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline, kuti lidwale pang'ono n'kukhala lotetezeka moyo wake wonse. Vuto ndi kasungidwe, chifukwa katemerayu amafuna kuzizira kwa liquid nitrogen. Ganizirani ulendo wake kuchoka ku Lilongwe, kudzera ku Nkhata Bay, mpaka kukafika kumudzi wa m'mphepete mwa nyanja.

Kunena zoona, ng'ombe si chuma chachikulu cha dera lino. Chigawo cha Niassa chili ndi ng'ombe zochepa, mwa zina chifukwa cha kashembe, ntchentche ya kaodzera ija. Banki ya mayi wa pa Likoma kapena wa ku Lago ndi mbuzi ndi nkhuku, ndipo mbuzi ili ndi mdani wakewake: nkhupakupa yaikulu ya mawangamawanga, ya mlomo wautali, yokonda kubere ndi kunsi kwa mchira. Iyi imafalitsa nthenda yomwe avetenale amaitcha heartwater. Mbuzi imazungulirazungulira ngati yaledzera, imagwa n'kumapalasa miyendo, ndipo posenda mumapeza madzi atazinga mtima. Nkhupakupa yomweyi ikaluma munthu imatha kumusiyira kachilonda ka nkhanambo yakuda, mutu, kutentha thupi ndi mwanabere.

Koma kachirombo komwe agogo athu ankakaopa kwambiri ndi nkhufi. Iyi siikakamira pa thupi. Imabisala m'ming'alu ya khoma ndi m'fumbi la pansi, imatuluka usiku, imayamwa kanthawi kochepa n'kubwerera, ndipo imatha kukhala zaka osadya. David Livingstone analemba za kuluma kwake ku Tete m'buku lake la mu 1857, ndipo dokotala Joseph Everett Dutton anamwalira ku Congo mu 1905 akufufuza nthenda yake, n'chifukwa chake kachirombo koyambitsa nthendayo kamatchedwa Borrelia duttonii. Thupi limatentha masiku angapo, munthu n'kuona ngati wachira, patapita sabata kutenthako n'kubwereranso. Kwa mayi woyembekezera imatha kuchotsa pakati. Kunyumba timangoti ndi malungo, timamwa LA wotsala wa mwana, osadziwa kuti LA sakhudza kachirombo aka. Mankhwala ake ndi ena, ndipo amafuna woyeza magazi. Nkhufi za mtundu womwewu zopezeka m'makola a nkhumba ku Mchinji zinapezeka m'zaka za m'ma 1980 zikusunga kachirombo ka chigodola cha nkhumba. Kuzira nyumba kawirikawiri ndi kumata ming'alu, ntchito yomwe ena amaiyesa yongokongoletsa, ndi yomwe imazilanda pobisala.

Chomwe chimandikhudza ine n'chakuti mayina onsewa safuna kumasuliridwa pa Cobué. Mlangizi wa ziweto wa pa Likoma amalemba malipoti ake m'Chingerezi kupita ku Lilongwe, mnzake wa ku Metangula amalemba m'Chipwitikizi kupita ku Lichinga ndi Maputo, koma atakhala pansi pa mtengo wa mango umodzi angamvane bwinobwino m'chiyankhulo cha amayi awo. Chitopa chikagwa tsidya, nkhani imafika pa msika wa Mbamba, pa Likoma, ndi boti loyamba, kalata ya boma isanalembedwe n'komwe. Wonyamula nkhuni ndiye amayamba kudziwa mudzi womwe nkhuku zikufa, ndipo ndi iye yemwe angasankhe kusakweza dengu lija.

Mbuzi ija inagulidwa ndisanachoke pagombe. Wogulayo anaimasula miyendo, naikoka kukwera nayo njira yodutsa m'udzu wouma, komwe mbuzi zina zinali kudya. Nkhupakupa yokhuta ija inali itatsala pang'ono kugwa, ndipo yaikazi yotero ikagwa pansi imaikira mazira masauzande.