Masheya a Rambus: mtengo wodalira chigamulo cha khoti

Mu kompyuta iliyonse muli kachipangizo kotchedwa memory chip, komwe kamasunga kwa kanthawi zinthu zomwe makinawo akugwiritsa ntchito. Kampani ya Rambus, yomwe idakhazikitsidwa ku California m'chaka cha 1990, siipanga zipangizozi m'fakitale yakeyake. Chuma chake chachikulu pa nthawi yomwe tikukambayi chidali mapatenti.

Patenti ndi chiphaso cha boma chotsimikiza kuti luso linalake ndi la amene adalitulukira. Wina akafuna kuligwiritsa ntchito amalipira mwiniwakeyo, monga momwe wobwereka munda amalipirira mwini malo. Malipirowa amatchedwa royalty.

M'chaka cha 2000, Rambus idati mapatenti ake akukhudzanso SDRAM ndi DDR, mitundu ya memory yomwe makampani ambiri ankapanga. Toshiba ndi Hitachi atavomera kulipira, ogula masheya adayamba kuwerengera: ngati onse alipira pa chipangizo chilichonse, phindu lidzakhala lotani? Mtengo wa sheya imodzi udapitirira madola 100.

Koma Micron, Hynix ndi Infineon adakana, nkhani n'kupita kukhoti. Iwo adati Rambus idabisa mapatenti ake pomwe inkakhala nawo pa zokambirana za JEDEC, bungwe logwirizanitsa kapangidwe ka zipangizozi. Mu Meyi 2001 khoti la ku Virginia lidapeza Rambus yolakwa, ndipo chaka chomwecho sheya idatsika kufika pansi pa madola 10. Mu 2003 khoti la apilo lidafafaniza chigamulocho, mtengo n'kukweranso. Mu Novembala 2011 Rambus idagonja pa mlandu wina ku San Francisco, ndipo sheya idataya mtengo woposa theka tsiku limodzi lokha.

Ndalama zidabwera ndithu: Samsung idagwirizana ndi Rambus mu 2010, Hynix ndi Micron mu 2013. Komabe amene adagula pa mtengo wokwera uja mu 2000 adadikira zaka zoposa makumi awiri kuti auonenso.

Choncho musanagule sheya iliyonse, funsani komwe ndalama za kampaniyo zikuchokera. Kodi ndi zomwe ikulandira kale, kapena zomwe ikuyembekeza woweruza akaikomera? Ngati ndi zachiwirizi, mukubetcha pa mlandu umene simungaudziwe mathero ake. Paja akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.