Kulongedza Katundu wa Ulendo wa ku Malawi

Mwezi wa Dezembro ukafika, sukulu zimakhala zotseka. Iyi ndi nthawi ya dzinja. Dzuwa limatentha, mvula imagwa, ndipo cimanga cimakhala cikukula m'munda.

Pa chuthi cimeneci ana ena a ku Angónia amapita ku Malawi. Malawi ndi dziko lina, koma abale ali mbali zonse ziwiri za malire. Pa nthawi ya nkhondo anthu ambiri a ku Tete anathawira kumeneko. Mtendere utabwera m'caka ca 1992, ambiri anabwerera kwawo. Ena anatsala konko, anakwatira, namanga nyumba. N'cifukwa cake mwana wa ku Ulongwe angathe kukhala ndi agogo kapena azakhali ku Salima, pafupi ndi nyanja.

Ulendo wocoka ku Ulongwe kupita ku Salima si wa galimoto imodzi. Anthu amakwera xapa mpaka pa malire a Calómuè. Pamenepo amatsika, amawonetsa mapepala awo, kenaka amawolokera ku Dedza. Ku Dedza amakweranso galimoto ina. Pa malo onsewa katundu amanyamulidwa pamutu kapena pamsana. Mayi amene wabereka khanda sangathe kunyamulanso cikwama ca mwana wamkulu. Cotero mwana wa kalasi yoyamba amanyamula yekha sakudu yake. Sakudu ikalemera, mwana amatopa, amalira, amatsalira m'mbuyo. Pa malire pamakhala anthu ambiri ndi magalimoto akuluakulu. Mwana wotsalira angathe kusocera.

Kodi mwana atenge zovala zingati? Za masiku atatu ndi zokwanira, ngakhale akakhale kwa agogo milungu iwiri. Cimodzi wavala, cina cili m'sakudu, cina cacapidwa cikuwuma pa cingwe. Kacidutswa ka sopo n'kopepuka kuposa mulu wa malaya. Mwana wamwamuna amatenga malaya atatu ndi makabudula awiri. Mwana wamkazi amatenga madiresi atatu, kapena malaya ndi masiketi. Onse amatenga zovala zamkati zitatu.

Nsalu si zofanana. Nsalu ya thonje imalowetsa mphepo ndipo imamwa thukuta. Mwana woivala amamva bwino kukatentha. Nsalu ya nayiloni imanyezimira, imawoneka yokongola, koma siimwa thukuta. Thukuta likakhalitsa pakhungu, mwana amatuluka tizilonda toyabwa m'khosi ndi pamsana. Mtundu wa nsalu nawonso ndi wofunika. Covala cakuda cimatentha msanga padzuwa. Covala coyera kapena cacikasu cimabweza dzuwa. Mwana angathe kuyesa yekha: ayale nsalu yakuda ndi yoyera padzuwa, adikire pang'ono, kenaka azikhudze ndi dzanja.

Koma pali covala cimodzi cofunda cimene sicisiyidwa. Ndi juzi. Tawuni ya Dedza ili pamwamba, mamita oposa 1500 kucokera pa nyanja yamcere. M'mawa kumazizira, ndipo mvula ikagwa kumabwera nkhungu. Kucoka ku Dedza msewu umatsika phiri mokhotakhota kupita ku Golomoti. Galimoto ikamatsika, kutentha kumakula. Nyanja ya Nyasa, imene a ku Malawi amaicha Nyanja ya Malawi, ili pansi kwambiri, pa mamita osakwana 500. Malo okwera amazizira, malo otsika amatentha. Cotero mwana amanyamuka m'mawa atavala juzi. Akafika ku Golomoti amaivula, naimanga m'ciwuno. Juzi yovala pathupi siidzaza sakudu.

Nkhani ya nsapato ndiyo imavuta kwambiri.

Mtsikana wina anaguliridwa nsapato zatsopano pa msika wa ku Ulongwe. Zinali zakuda, zonyezimira. Usiku woti mawa lake ndi ulendo, anazitulutsa m'bokosi.

"Amayi, ndivala izi. Ndikufuna agogo akazione."

"Wazivalapo kangati, mwanangu?"

"Sindinazivalepo."

"Ndiye mawa uvale zakale zija. Zatsopano zingakulume."

Amayiwo ananena zowona. Nsapato yatsopano imakhala yolimba. Imakhula cidendene ndi zala. Kukatentha phazi limatupa pang'ono, ndipo nsapato imathina kuposa m'mawa. Pakapita kanthawi pamatuluka thuza. Thuza likaphulika pamakhala cilonda, ndipo matope a dzinja akalowa pa cilondaco cimacedwa kupola. Mwana amene anapita kukasewera ndi abale ake amangokhala pa mphasa. Ngati banja lagula nsapato za ulendo, mwana ayambe kuzivala pakhomo, pang'onopang'ono, kudakali masiku ambiri.

Nsapato yabwino ya ulendo ndi imene phazi linaizolowera. Ikhale yotseka, yopepuka, yosaterera pamatope. Kutsogolo kutsale malo okwana cala cacikulu ca dzanja. Masokosi awiri a thonje ndi okwanira.

M'sakudu mumalowanso patapata. Ndi wopepuka, ndipo sawopa madzi. Mwana amamuvala posamba, popita kucimbudzi ndi posewera pabwalo. Kuyenda wopanda nsapato pa malo acilendo si bwino. M'fumbi mungakhale matekenya, m'dothi lonyowa mungakhale tinyongolotsi tolowa pa khungu la phazi, ndipo masana mcenga wa kunyanja umawocha ngati phulusa lamoto. Koma patapata si wa pa msewu wautali. Lamba wake amaduka msanga, ndipo m'matope amatsalira.

Cinthu cothandiza kuposa zonse ndi kapulana. Ku Malawi amaicha citenje. Kapulana imodzi imagwira nchito zambiri. Amayi amaberekera khanda. Mwana amafunda m'galimoto. Amaiyala pansi podikira xapa, amapukutira thupi akasamba, amaphimba mutu dzuwa likakula. Ikanyowa imawuma msanga. Banja lokhala ndi makapulana awiri lingasiye bulangete ndi thawulo kunyumba. Cipewa ca mlomo waukulu nacoso cimateteza nkhope ndi khosi.

Ku nyanja kuli udzudzu wambiri m'dzinja. Udzudzu umene umabweretsa malungo umaluma usiku. Dzuwa likalowa mwana avale covala ca manja aatali, ndipo agone m'neti. Ngati kwa agogo kulibe neti yokwanira alendo, banja litenge yake. Neti ikapindidwa bwino imacepa, ndipo siilemera. Ndi bwino kusiya diresi lacinayi kusiyana ndi kusiya neti.

Tsopano kalongedzedwe kake. Zovala sizipindidwa ngati za m'sitolo. Zimakulungidwa ngati mphasa, cimodzicimodzi, kuti zitenge malo ocepa. Zonse zimalowa m'thumba la pulasitiki, ndipo thumbalo limalowa m'sakudu. Mvula ya dzinja imabwera mwadzidzidzi, ndipo nthawi zina katundu amakwezedwa pamwamba pa galimoto. Patapata amakhala m'thumba lakelake kuti asadetse malaya. Zolemera zimakhala pansi, pafupi ndi msana. Botolo la madzi limakhala pamwamba. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, cotero kwa mwana botolo la theka la lita ndi lokwanira.

Mapepala a ulendo sakhala m'sakudu ya mwana. Pasipoti kapena cikalata cina cowolokera malire, cikalata ca kubadwa, ndi khadi la katemera, zonse zimasungidwa ndi akuluakulu, zokulungidwa m'pulasitiki. Ndalama nazonso amasunga ndi iwo. Ku Mozambique anthu amagula ndi metikali, ku Malawi amagula ndi kwaca. Mwana amanyamula kapepala kamodzi kokha m'thumba la malaya. Pa kapepalapo pamalembedwa dzina lake, dzina la amayi ake, mudzi wa agogo ndi nambala ya foni. Akasocera, amapereka kapepalako kwa wapolisi wa pa malire.

Mphatso ya agogo imalowa m'katundu wa akuluakulu. Mbatata ya kacewere ndi nyemba za ku Angónia ndi zokoma, koma ndi zolemera.

Katundu akatha kulongedzedwa, pamatsala mayeso amodzi. Mwana amabereka sakudu yake, wavala nsapato za ulendo. Amayenda kucoka pakhomo kukafika pacitsime, nabwerera. Akafika akupuma bwino, sakudu yakwana. Akafika atawerama, kapena akudandaula mapewa, amayi amatsegula sakudu ndi kucotsamo covala cimodzi. Kenaka mwana amapitanso kucitsime.