Nambala ya 100,000,000,000,000 ndi Kawerengedwe ka Chichewa ku Karoi

M'Januwale 2009 Reserve Bank of Zimbabwe inatulutsa ndalama yapepala ya madola 100,000,000,000,000. M'mafamu a fodya a ku Karoi, kumene kuli zidzukulu za anthu amene anachokera ku Nyasaland kukagwira ntchito, funso linali lakuti: kodi ndalama yotereyi nkuitchula bwanji m'Chichewa?

Mwa masamu, nambalayi ndi 1 wotsatiridwa ndi mazero 14. Imagawika pawiri popanda chotsala, ndipo manambala osagawika amene amaipanga ndi 2 ndi 5 basi. Imapezekanso tikachulukitsa 10,000,000 ndi 10,000,000.

Tsono 5 ndi 10 ndiwonso mizati ya kawerengedwe kathu. Masinde alipo asanu: -modzi, -wiri, -tatu, -nayi, -sanu. Pamene Mshona anena "tanhatu", Mchewa amaphatikiza: "zisanu ndi chimodzi". Khumi, zana ndi chikwi ndi maina, ndipo kupitirira chikwi timangobwereza. Motero nambala yathuyi ndi "zana la zikwi za zikwi za zikwi za zikwi".

Chichewa sichilephera kuitchula, koma womvera amasokera asanafike kumapeto. Nchifukwa chake mau obwereka monga miliyoni, biliyoni ndi thiriliyoni anapeza malo, pakuti pa nkhani ya malipiro wosokera ndiye amadyeredwa.