Kulawa pilsner: luso loteteza mpamba wa mwini bala

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa la ku Balaka silichita masewera. Makireti a mowa amatsitsidwa pa lole masana, n'kukhala pakhonde mpaka mnyamata wa pabala atapeza mpata wowalowetsa. Eni mabala ambiri amangowerenga mabotolo, kusaina, basi. Komatu pa maola amenewo katundu amakhala atayamba kuwonongeka, ndipo kasitomala akaona kuti mowa wa pamalopo sukukoma sachita kudandaula, amangosamukira bala ina.

Mowa womwe umavutika kwambiri ndi wa mtundu wa pilsner, wowala ngati golide, wokhala ndi mphamvu pafupifupi 5 peresenti. Unayamba kufulidwa m'chaka cha 1842 mumzinda wa Pilsen, m'dziko lomwe lero ndi Czech Republic, ndipo woufula woyamba anali Josef Groll. Kuno kwathu anthu anauzolowera kudzera mu Carlsberg Green, kuchokera pomwe kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark. Fakitaleyi ili m'manja mwa Castel kuyambira 2016. Pilsner amapangidwa ndi madzi, chimera cha balere, yisiti ndi maluwa a chomera chotchedwa hops omwe amabweretsa kafungo ndi kuwawa. Poti ndi mowa wopepuka, ulibe pobisa chilema. Mowa wakuda ukalakwika pang'ono munthu sangadziwe, koma pilsner amadziulula yekha.

N'chifukwa chake wamalonda angapindule potengera njira ya akatswiri oweruza mowa pamipikisano. Bungwe la ku America la Beer Judge Certification Program limapereka malikisi 50 pa mowa uliwonse: 12 pa fungo, 3 pa maonekedwe, 20 pa kakomedwe, 5 pa mmene umamvekera m'kamwa, ndi 10 pa chithunzi chonse. Chodabwitsa n'chakuti maonekedwe, omwe ogula ambiri amayamba kuyang'ana, ali ndi malikisi ochepetsetsa. Mphuno ndi lilime ndiye zimagamula mlandu.

Kulawa sikuchitikira m'botolo ayi. Pamafunika tambula yoyera, yotsukidwa payokha, osati m'beseni lomwe mwadutsa mbale za kanyenya, chifukwa mafuta amapha thovu nthawi yomweyo. Timathovu tikamamatira m'mbali mwa tambula, ndiye kuti tambulayo ndi yakuda. Mowa usakhalenso wozizira mopitirira, pakuti kuzizira kumagonetsa fungo ndi kubisa zolakwika. Ukathiridwa, uyenera kuoneka mbee, ndi thovu loyera lomwe silikuphwa msanga.

Kenako wolawa anunkhize asanamwe. Pilsner wabwino amamveka kafungo ka buledi kapena bisiketi, kosakanikirana ndi ka udzu kapena maluwa. Fungo loipa lodziwika kwambiri ndi lofanana ndi la kanyimbi, ndipo gwero lake ndi kuwala. Kuwala kwa dzuwa kukagunda mowa kumaphwanya zinthu zowawa zochokera mu hops n'kutulutsa fungo limeneli, ndipo pa dzuwa lamphamvu zimatenga mphindi zochepa chabe. Botolo lofiirira limatchinga bwino, lobiriwira limatchinga pang'ono, loonekera mkati silitchinga n'komwe. Wokayika atenge mabotolo awiri a m'kireti imodzi, lina aliike padzuwa kwa ola limodzi, lina m'nyumba, kenaka awaziziritse onse ndi kununkhiza. Mtengo wa mabotolo awiriwo ndi sukulu yotchipa.

Chilema chachiwiri ndi kukalamba. Mowa wokhalitsa pamalo otentha umamveka ngati katoni yonyowa, mtundu wake umadera, ndipo kuwawa kwake kosangalatsa kuja kumazilala. Apa ndiye pali vuto la masitolo a malata opanda siling'i ku Balaka, Ulongwe ndi Liwonde, komwe chipinda chosungiramo katundu chimasanduka uvuni masana. Tsiku lolembedwa pabotolo limaganizira mowa wosungidwa bwino. Wosungidwa pamoto umakalamba tsikulo lisanafike. Pali chikhulupiriro chakuti mowa ukazizira, n'kufunda magetsi atazima, n'kuziziranso, ndiye kuti watha. Si zoona kwenikweni. Chowononga ndi kutalika kwa nthawi yomwe wakhala pakutentha. Choopsa china ndi kuuiwala m'firiji youmitsa mpaka kuchita madzi oundana, chifukwa ukasungunuka umatha kuchita mbuu ndi kutaya mpweya.

Zilema zina sizichokera kwa wogulitsa. Mowa ukamanunkha ngati majarini, ndiye kuti yisiti sanamalize ntchito yake kapena mwalowa tizilombo. Ukasasa ngati thobwa logona, ubwezedwe. Kafungo ka mondokwa wophika kakakhala kapatalipatali akatswiri amakalola mu mowa wowala, koma kakakula ndi cholakwika. M'kamwa, pilsner ayenera kuyamba ndi kutsekemera pang'ono kwa chimera, n'kumaliza ndi kuwawa koyera komwe kumasiya pakhosi pouma. Kuwawa kumeneko si chilema, ngakhale ozolowera mowa wotsekemera amakudandaula.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri malo ogona alendo a ku Liwonde, komwe kumafika anthu odzaona nyama ku Liwonde National Park. Ena mwa alendowa anazolowera mowa wa craft, wofulidwa pang'onopang'ono ndi makampani ang'onoang'ono, omwe ndi ochuluka ku South Africa. Mowa wotere umaodedwa modula, ndipo nthawi zambiri sautenthetsa pofuna kupha tizilombo monga amachitira mafakitale akuluakulu, choncho umafuna firiji kuchokera kofulira mpaka patebulo. Wina umaoneka wa mbuu pang'ono chifukwa sunasefedwe, ndipo pamenepo wofula amalemba pabotolo. Wamalonda akapatsidwa mowa wotere kuti ayese msika, aone tsiku lomwe unafulidwa, afunse mmene wayendera pamsewu, atsegule botolo limodzi pamaso pa wobweretsayo asanalipire, ndipo aode wochepa woti utha m'masabata owerengeka.

Kwa bala wamba, ntchito ndi yosavuta: makireti alowe m'nyumba lole isananyamuke, asanjidwe kutali ndi zenera ndi khoma lomwe limawombedwa ndi dzuwa la masana, ndipo akale atsogole kulowa m'firiji. Wolawa akhale munthu mmodzi yemweyo, alawe m'mawa asanadye tsabola kapena kusuta, ndipo makapu awiri ang'onoang'ono akwana.